MABULEKI A NGOLO PA MSEU WOTERERA



Akulu akale anati walira mvula walira matope. Mvula tinailira, yabwera, ndipo kuyambira mwezi wa November kufikira April miseu yathu ikhala ina, yosafanana ndi ija tinayendamo m'cilimwe. Koma nchito siima cifukwa ca matope. Iyi ndiyo nyengo imene feteleza ayenera kucoka ku depoti kufika ku munda, matimati ndi ndiwo ziyenera kufika ku msika, ndipo odwala sayembekeza kuti pansi paume. Katundu wambiri masiku ano ayenda pa ngolo zokokedwa ndi galimoto kapena thirakita, zija ambiri azicha tirela. Nkhani yanga lero ndi ya mabuleki a ngolo zimenezi, makamaka kabokosi kamene kalamulira mabulekiwo, ndi m'mene kacitira pamene mseu waterera.

Ndiyambe ndi cinthu cimene nonse mucidziwa kale. Mukamatsika mtsetse ndi ngolo ya ng'ombe yodzala ndi cimanga, ng'ombe sizikoka ai. Ngolo ndiyo ikankha ng'ombe. Goli lisendera ku nyanga, ng'ombe ziumitsa miyendo, ndipo ngati pansi pali matope zigwada kapena zipatukira m'chire. Ndico cifukwa cace mlimi wocenjera amangirira cipika kumbuyo kuti cizikhwekhwereza pansi, kapena atsitsako matumba ena. Galimoto yokoka ngolo iri m'bvuto lomwelo, kungoti liwiro lace ndi lalikuru ndipo katundu wace ndi wolemera.

Tsono mvetsani ici. Buleki siimika galimoto. Buleki igwira gudumu cabe, koma coimika galimoto ndico tayala logwira pansi, ndipo malo amene tayala limodzi likhudza pansi sapambana kweni-kweni cikhato ca dzanja lanu. Phula louma ligwira bwino. Phula la mvula yoyamba ndi lonyenga, popeza pfumbi, mafuta ndi dizilo zimene zinagwa m'cilimwe conse ziyandama pamwamba ndi kusanduka ngati sopo. Katondo wofiira wa ku mtunda, akanyowa pamwamba pamene pansi pace pali pouma, aterera ngati therere. Makande akuda a m'madambo ndi a ku cigwa ca Luangwa amata m'mizere ya tayala, mpaka tayala latsopano lisalala ngati dazi.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Galimoto ya vaneti yolemera makilogalamu 2,000, yoyenda makilomita 60 pa ora pa phula louma, ifuna mamita ngati 20 kuti iime, kuyambira pamene buleki yagwira. Pa matope oterera, pamene tayala ligwira gawo limodzi lokha la magawo atatu, ifuna mamita 60. Tsopano imangirireni ngolo yopanda mabuleki, yolemera makilogalamu 500, muikemo matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50. Zonse pamodzi zakwana makilogalamu 3,500, koma matayala oimika akali anai omwe aja. Pa phula louma mufuna mamita 35. Pa matope mufuna mamita opitirira 100, ndiko kutalika kwa bwalo la mpira. Mukacepetsa liwiro kufika pa makilomita 30, mtundawo sutsika ndi theka cabe ai, utsika kufika pa gawo limodzi la magawo anai, ndiwo mamita ngati 26. Palibe kabokosi kogula ndi ndalama kamene kangakupatseni phindu lalikuru ngati limenelo.

Pali cina cimene ambiri sacidziwa. Gudumu lozungulira litsata kumene laloza. Koma gudumu limene buleki yaligwira kopitirira, mpaka laleka kuzungulira ndi kuyamba kukhwekhwereza, silidziwanso kutsogolo kapena m'mbali. Lipita kuli konse kumene kwatsika. Gudumu lotere tinene kuti lamangika. Miseu yathu ya dothi aiumba yokwera pakati ndi yotsika m'mbali kuti madzi azicoka, cotero gudumu lomangika njira yace ndi ya ku ngalande. Pamenepa pacokera ngozi ziwiri. Ngati ngolo igwira pang'ono, ikankha galimoto kumbuyo; magudumu a kumbuyo a galimoto akaterereka, ngolo iwakankhira m'mbali, ndipo ziwirizo zipindana ngati mpeni wa m'thumba. Ngati ngolo igwira kopambana, magudumu ace amangika, ndipo ngolo yokha ipsepsereka m'mbali ngati mcira wa ng'ona, kukolopa ali yense woyenda pansi kapena pa njinga. Pa mseu wouma pakati pa ngozi ziwirizi pali danga lalikuru. Pa mseu woterera dangalo licepa ndithu, ndipo nchito yonse ya kabokosi kaja ndiyo kupeza danga limeneli.

MITUNDU YA MABULEKI A NGOLO

Ngolo zambiri za m'midzi, makamaka zowocherera kwa amisiri a pa msika, ziribe mabuleki konse. Ku maiko a ku Ulaya ndi ku South Africa lamulo lilola ngolo yopanda mabuleki ngati kulemera kwace pamodzi ndi katundu sikupitirira makilogalamu 750. Onani kuti ngolo yomwe iwerengedwa. Ngati iyo yokha ilemera makilogalamu 250, malo otsala ndi a matumba 10 basi. Za lamulo la kwathu kuno funsani ku ofesi ya RTSA imene iri pafupi ndi inu musanagule kapena kupangitsa ngolo. Ine lero ndikamba za matope, amene safunsa lamulo.

Mtundu waciwiri ndiwo wa ngolo zambiri zocokera ku South Africa ndi ku Ulaya, zosapitirira makilogalamu 3,500. Pa mphuno ya ngolo, pamene ilumikizana ndi galimoto, pali citsulo colowa ndi kutuluka. Galimoto ikacepetsa liwiro, ngolo ikankha, citsuloco cilowa mkati ndi kukoka nthambo zopita ku mabuleki. Tidzabweranso ku mtundu umenewu.

Mtundu wacitatu ndiwo wa magetsi, ndipo ndiwo ufuna kabokosi kamene Angerezi akacha brake controller. Kwao kweni-kweni kwa mabuleki otere ndi ku America, Canada ndi Australia, kumene anthu akoka ngolo za ng'ombe, za akavalo ndi tinyumba togonamo pa ulendo. Ku America ndi Canada mdani wao wamkuru ndi cipale cofewa ndi madzi oundana pa mseu, ndipo nzeru zambiri zimene ndikupatsani lero zinaphunziridwa kumeneko. Buku la malamulo a pa mseu la ku Britain linena kuti pa mseu wonyowa danga la pakati pa magalimoto licuruke kawiri, ndipo pa madzi oundana kufikira kakhumi. Ife cipale tiribe, koma therere la katondo tiri nalo. Kuno mabuleki a magetsi sanacuruke, koma alipo, ndipo amene aganiza zogula ngolo yaikuru adzakomana nao.

Kagwiridwe kace nkotere. M'kati mwa gudumu la ngolo muli mbale ya citsulo yozungulira pamodzi ndi gudumu, ndi maginito amene akhala ndi mphamvu pokha-pokha magetsi akalowamo. Kabokosi, kamene kakhala pafupi ndi bondo la dalaivala, katumiza magetsi a batire ya galimoto kudzera m'waya. Maginito amata ku mbale ija, mbale iwakoka, ndipo iwo akankha tizitsulo tiwiri topindika, tija amakaniko aticha nsapato, kuti tigwire mbaleyo. Magetsi ocepa, kugwira kocepa. Magetsi ambiri, kufikira mavoti 12, kugwira kwamphamvu. Funso lonse ndi lakuti: kabokosi kadziwa bwanji magetsi amene kayenera kutumiza?

TIMABOKOSI TIWIRI

Kabokosi ka mtundu woyamba, kamene kali kochipa, kawerenga nthawi. Mukangoponda buleki, nyali za kumbuyo ndi kuyaka, iko kayamba kutumiza magetsi pang'ono, ndi kumaonjeza-onjeza kwa masekondi owerengeka mpaka kufika pa mlingo umene munakaikira. Sikadziwa ngati mwaponda ndi cala cimodzi kapena ndi mwendo wonse. Pa phula louma cilema cimeneci sicioneka kwambiri. Koma taganizani m'mene dalaivala wabwino acitira pa matope. Iye aponda mofatsa, ndi kusiya phazi pomwepo nthawi yaitali. Galimoto icepetsa liwiro pang'ono-pang'ono monga iye afunira, koma kumbuyo kabokosi kakali kuwerenga, ndipo posacedwa kapereka mphamvu yonse. Magudumu a ngolo amangika pamene dalaivala sanalakwe kanthu. Motero kufatsa kwace komweko, kumene kukadampulumutsa, ndiko kumcititsa ngozi. Ndipo akaponda mwadzidzidzi cifukwa mbuzi yalowa pa mseu, kabokosi kacedwa, ngolo ndi kumkankha pa nthawi yoipitsitsa. Akulu anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi. Kuima kwa pa matope nakonso nkuyambira limodzi, ndipo kabokosi aka sikayambira limodzi ndi galimoto.

Ka mtundu waciwiri kamva m'mene galimoto iri kucepetsera liwiro. Mukaika ndowa ya madzi pa ngolo, ngolo ikaima mofatsa madzi apendekera kutsogolo pang'ono, ikaima mwadzidzidzi akhavukira kunja. Timabokosi takale tinali ndi kacitsulo kolendewera kamene kanali kucita monga madziwo, ndipo tinafunika kuikidwa molunjika bwino. Tatsopano, monga ta kampani ya Tekonsha ya ku America kapena Redarc ya ku Australia, tiri ndi kacipangizo ka magetsi kamene kamva cimodzi-modzi. Mukaponda mofatsa, ngolo igwira mofatsa. Mukaponda kolimba, ngolo igwira kolimba. Pa mseu woterera galimoto singathe kucepetsa liwiro msanga, cotero kabokosi nakonso katumiza magetsi ocepa, ndipo magudumu a ngolo sacedwa kupeza danga lija. Kunena zoona, kwa munthu amene adzakoka ngolo m'dzinja, ndalama zoonjezera za kabokosi ka mtundu uwu siziri zotayika ai.

Komatu musakakhulupirire kopitirira. Kabokosi aka kamva za galimoto, za ku ngolo sikaziona. Ngati magudumu a galimoto afika pouma pamene a ngolo akali m'matope, monga cicitika poturuka pa dambo, galimoto igwira kolimba, kabokosi katumiza magetsi ambiri, ngolo ndi kumangika. Ngati galimoto ndiyo iri kuterereka, siicepetsa liwiro, kabokosi kayesa kuti zonse ziri bwino, ndipo ngolo igwira pang'ono pamene thandizo lace lifunika. Timabokosi tina tiri ndi batani loonjezera mphamvu poyamba peni-peni, kuti ngolo yolemera iyambe kugwira galimoto isanagwire. Pa phula louma batani limeneli lithandiza. Pa matope lizimitseni.

Magalimoto ena aturuka ku fakitale ali ndi kabokosi kao kale. Kampani ya Ford inayamba kuika kotere m'magalimoto ace akuru a Super Duty m'caka ca 2005. Iko kamva mphamvu ya phazi pa mafuta a buleki, ndipo kakadziwa kuti magudumu a galimoto ayamba kuterereka, kacepetsa magetsi opita ku ngolo. Ici ndi cabwino koposa mitundu iwiri ija, koma ngakhale iko sikaona gudumu la ngolo.

Apa ndifuna kucotsa bodza limodzi limene lafala. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi makina ochedwa ABS, amene makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz anawaturutsa m'caka ca 1978. Makinawa ayang'anira gudumu liri lonse, ndipo likafuna kumangika amasula ndi kugwiranso kambiri pa sekondi imodzi. Ndiko kunjenjemera kumene mukumva ku phazi. Anyamata ambiri ati, galimoto yanga iri ndi ABS, sindiopa matope. Koma ABS ya galimoto ithera pa galimoto pomwepo. Ngolo zazikuru za malole, za mabuleki a mpweya, ziri ndi ABS yao-yao, ndipo ku America lamulo linayamba kuifuna pa ngolo zatsopano zotere m'caka ca 1998. Ngolo zing'ono-zing'ono za magetsi zambiri ziribe. Cotero dalaivala amva kutsogolo kuli bwino, ciongolero cimvera, pamene kumbuyo ngolo yayamba kale kupita kwina. Pa matope galasi la m'mbali likhale bwenzi lanu. Mukaona mbali ya ngolo imene simuiona masiku onse, masulani buleki kuti magudumu ayambenso kuzungulira, ndipo ngolo idzabwerera m'mzere.

KUIKA MLINGO

Kabokosi kali konse kali ndi potembenuza kapena mabatani oikira mlingo wa mphamvu. Pa magalimoto a Ford manambala ace ayambira 0 kufika 10. Kali ndi kampini kofinya ndi dzanja, kamene kagwira mabuleki a ngolo yokha osakhudza a galimoto. Opanga timabokosi alangiza motere. Pezani malo ouma, osalala, opanda anthu. Yendani makilomita 30 kufikira 40 pa ora, finyani kampini konse. Magudumu a ngolo akamangika, tsitsani nambala. Akapanda kumangika, kwezani pang'ono ndi kuyesanso. Mlingo woyenera ndiwo uli pansi pang'ono pa pamene gudumu limangika.

Tsono cherani khutu. Nambala imeneyo ndi ya mseu umenewo ndi ya katundu ameneyo basi. Ngolo yolemera ipanikiza matayala pansi, ndipo ilandira mphamvu yambiri isanamangike. Ngolo yopanda kanthu imangika msanga. Munthu acoka ku Chipata ndi matumba 30 pa phula louma, nambala iri pamwamba, zonse ziri bwino. Apatuka kulowa mseu wa dothi, mvula ndi kugwa, atsitsa feteleza ku mudzi, abwerera ngolo iri gwa! yopanda kanthu, nambala ikali pomwe paja. Ameneyo wasintha zinthu ziwiri, mseu ndi katundu, ndipo zonse ziwiri zifuna nambala yotsika. Nkosadabwitsa kuti pa khota loyamba ngolo imuonetsa mbali. Ulendo wobwerera, umene ambiri auyesa wopepuka, ndiwo woopsya kwa ngolo ya magetsi.

Cifukwa cace mukangocoka pa phula, kapena mvula ikangoyamba, imani. Tsitsani nambala, ndipo yesaninso pa matope omwewo, pa malo oongoka, koma pa liwiro la munthu wothamanga cabe. Ngati muli ndi mnzanu, atsike aime patali ayang'ane gudumu. Nchito iyi siitha mphindi zisanu. Koma musatsitse mpaka pa 0 monga acitira ena pothawa bvuto, cifukwa pamenepo mwabwerera ku ngolo yopanda mabuleki ndi bwalo lija la mpira. Ndipo kumbukirani kuti potsitsa nambala mwabvomera kuti mudzaima patali. Liwiro nalo litsike pamodzi ndi nambala.

Za kampini ka dzanja ndinenepo pang'ono. Pa phula louma, ngolo ikayamba kugwedezeka uku ndi uku cifukwa ca mphepo ya basi yodutsa, mankhwala ace ndiwo kucotsa phazi pa mafuta, kugwira ciongolero molunjika ndi kufinya kampini. Ngolo ikoka kumbuyo, zonse ndi kuongoka ngati cingwe cokokedwa. Pa matope nzeru ndi yomweyo, koma dzanja likhale lofatsa ngati la mai woyesa phala la mwana. Mukafinya konse, mwamanga magudumu a cinthu cimene ciri kale kupita m'mbali.

Pa mitsetse yaitali, monga ija ya pa Great East Road pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, kapena ya potsikira ku cigwa, dalaivala wabwino aika giya yaing'ono kuti injini igwire galimoto. Ici ncoyenera, cifukwa mabuleki opondedwa nthawi yaitali atentha ndi kuleka kugwira. Koma dziwani kuti injini igwira magudumu a galimoto okha. Pamene phazi siliri pa buleki, timabokosi tambiri sititumiza kanthu, ndipo ngolo yonse itsamira pa magudumu awiri a kumbuyo. Cotero giya muiike muli pamwamba, musanayambe kutsika. Kuisintha mwadzidzidzi pakati pa mtsetse woterera kungamange magudumu monga icitira buleki. Ngati galimoto iri ya magudumu anai okoka, ikani onse anai. Mabuku ophunzitsa madalaivala a malole ku America auza munthu kuzimitsa buleki ya injini pa mseu woterera pa cifukwa comweci. Potsika pang'ono-pang'ono pa mtsetse woipa wa dothi, nkwabwino kuti ngolo izikoka kumbuyo pang'ono, monga cipika cija ca pa ngolo ya ng'ombe. Mutha kucita ici ndi kampini. Kabokosi ka Redarc kochedwa Tow-Pro Elite kali ndi njira yaciwiri yopangidwira malo otere, m'mene ngolo igwira pa mlingo umene mwaika, kaya galimoto icepetsa liwiro kapena ai.

NGOLO ZOKANKHA NDI ZA THIRAKITA

Tibwerere ku ngolo zija za citsulo ca pa mphuno, popeza ndizo ambiri a inu mudzaziona. Ubwino wace ndi wakuti zidziyesera zokha: ngolo yolemera ikankha kwambiri ndi kugwira kwambiri, yopepuka igwira pang'ono, ndipo palibe nambala yoiwala. Koma kuti igwire iyenera kuyamba yakankha, ndipo pa matope kukankhako ndiko tiopa. Galimoto ikaterereka, ngolo iribe cotsamira, cotero mabuleki ace sagwira. Dalaivala alibe kampini. Ndipo coipa koposa ndi ici: pa citunda, magudumu akayamba kupota ndipo zonse ziyamba kubwerera cambuyo, ngolo siikankha, ikoka, cotero mabuleki ace sacita kanthu konse. Amene akoka ngolo yotere asayambe citunda ca matope cimene sakhulupira kuti acimaliza. Ayambe wayendapo ndi miyendo, akhale ndi zipika ziwiri zocingira magudumu, ndipo ngati akayika, agawe katundu pawiri.

Kwa a thirakita mau anga ndi olimba. Thirakita yaing'ono yakale, monga Massey Ferguson 135, ilemera ngati tani imodzi ndi theka, ndipo mabuleki ace ali pa magudumu a kumbuyo okha. Ngolo ya matumba 60 inyamula matani 3, osawerengera ngolo yomwe. Apa mwana ali kutsogolera njobvu. Zopondera ziwiri za buleki, ca kumanja ndi ca kumanzere, zipangidwa kuti muzitembenuka msanga m'munda. Pa mseu zimangeni pamodzi ndi kacitsulo kace, cifukwa kuponda cimodzi pa matope ndiko kutembenuza thirakita pansi pa ngolo. Musatsike mtsetse giya iri pakati kapena phazi liri pa kilachi pofuna kusunga dizilo. Ngolo muimangirire pa citsulo cace ca pansi, osati pamwamba pa ekiselo, cifukwa ngolo ikatitimira thirakita iimirira ndi kugwera cagada pa mwini wace. Mathirakita ena ali ndi paipi ya mafuta ya mabuleki a ngolo, imene igwira pamodzi ndi phazi. Ndaona paipi zotere zitakulungidwa pa mphuno ya ngolo, zosalumikizidwa, cifukwa wina anali ndi cangu.

Madzi nao ali ndi mlandu wao. Mukaoloka mtsinje kapena cithaphwi cakuya, mbale ndi nsapato zinyowa, ndipo kwa kanthawi sizigwira, kapena gudumu limodzi ligwira linzace osagwira, ngolo ndi kukokera mbali imodzi. Yendani pang'ono mukugwira buleki mofatsa kuti ziume. Matope akauma m'kati mwa mbale adya maginito ndi nsapato ngati tupa. Tsukani ndipo muonetse makaniko dzinja likatha. Pa mabuleki a magetsi bvuto lambiri licokera ku waya. Pulagi yolowa madzi icita dzimbiri, magetsi apita mwa apo ndi apo, ndipo ngolo lero igwira, mawa siigwira. M'mawa uli wonse, musanaturuke pa bwalo, yendani pang'ono ndi kufinya kampini. Muyenera kumva ngolo ikukokani. Cenjeraninso pogula. Pa pulagi ya ku America ndi ya ku Australia waya wobiriwira ngati thambo ndiye wa mabuleki, koma pa pulagi ya mano 7 ya ku Ulaya waya wa mtundu womwewo ndi wa nyali ya nkhungu. Pulagi kulowa sikuti mabuleki alumikizidwa. Ngolo ya magetsi yomangiriridwa ku galimoto yopanda kabokosi iri cimodzi-modzi ndi ngolo yopanda mabuleki, ngakhale nyali zace ziyake bwino.

Kapakiridwe ka katundu kathandiza kabokosi kapena kukalepheretsa. Matumba ambiri akhale kutsogolo pang'ono kwa ekiselo, kuti mphuno ya ngolo ipanikize galimoto ndi gawo ngati limodzi la magawo khumi a kulemera konse. Katundu akacuruka kumbuyo, mphuno inyamula magudumu a kumbuyo a galimoto, ndiwo omwe aja tifuna kuti agwire pansi. Akacurukitsa kutsogolo, magudumu oongolera apepuka. Ng'ombe ndi migolo ya madzi yosadzala zisuntha zokha pa nthawi ya buleki, cotero zimangeni ndi kuzicinga. Maunyolo awiri a pa mphuno apingasane pansi pace, kuti ngolo ikamasuka igwere pa iwo, isalase pansi.

Kwa inu amai ndi abambo amene mukwera pa ngolo popita ku cigayo, ku msika kapena ku maliro: ngolo ya katundu siinapangidwire anthu, ndipo pa ngozi zonse ziwiri zija amene ali pa ngolo ndiwo ayamba kugwa. Ndidziwa kuti kumene kulibe basi munthu akwera cimene capezeka. Koma mukafika pa mtsetse wa matope, pa citunda kapena pa mlatho wopapatiza, uzani dalaivala aime, mutsike, ana atsogole, muyende ndi miyendo kufikira pabwino. Poyenda musakhale kumunsi kwa ngolo kapena ku mbali ya ngalande. Khalani kumtunda ndi kumbuyo. Inu mafumu ndi atsogoleri a magulu a alimi, amene mulemba ganyu ngolo zonyamula feteleza wa gulu, muli ndi mphamvu yofunsa mwini ngolo musanapangane mtengo: kodi ngoloyi iri ndi mabuleki a mtundu wanji, ndipo tingaone akugwira pano pa bwalo? Akayenda mamita khumi ndi kuima pamaso panu, mudzaona nokha ngati magudumu a ngolo agwira kapena angotsatira.